Mmene mungayezere kutentha ndi chinyontho cha m'dothi ndi chingwe cha fayiba

Fayiba ambirife timangoidziwa ngati chingwe chobweretsa intaneti, chija amakwirira m'mbali mwa msewu. Koma chingwe chamtundu womwewu mukachikwirira m'munda n'kuchilumikiza ku makina otchedwa DTS (Distributed Temperature Sensing, kutanthauza kuyeza kutentha m'litali monse mwa chingwe), chimayamba kukuuzani kutentha kwa dothi pa mita iliyonse imene chadutsa, kaya ndi mamita 200 kaya makilomita angapo, ndipo makina ena amawerenga pa masentimita 25 kapena 12.5 aliwonse. Kutentha kumeneko mukakuwerenga bwino kumaulula kuchuluka kwa madzi amene ali m'dothimo. Ndikulemba izi makamaka poganizira inu amene mukuphunzira za ulimi wothirira, za nthaka kapena za madzi, chifukwa masensa wamba aja timabaya pansi amangoyeza kamalo kakang'ono pomwe mwabayapo, pomwe munda umodzi womwewo uku kuli mchenga, uku katondo, kumunsi dambo, nde sensa imodzi kapena zitatu sizingakuuzeni zoona za munda wonse.

Chinthu chimodzi muchigwiritsitse kuyambira pano: makinawa sayeza madzi ayi. Amayeza kutentha basi. Nambala ya chinyontho mumachita kuitulutsa nokha kuchokera ku kutenthako, choncho ngati chingwe sichinakhudzane bwino ndi dothi kapena simunachite calibration yolongosoka, kumene ndi kukonza manambala a makina powayerekeza ndi muyeso wodziwika kale, mupeza magirafu okongola zedi koma abodza.

M'bokosi la DTS muli leza (laser) imene imaponya kuwala mu galasi la fayiba modukizadukiza, kuponya kulikonse kwa ma nanosekondi ochepa chabe (sekondi imodzi ili ndi ma nanosekondi biliyoni imodzi). Kuwalako kukamayenda, kochepa kwambiri kumabwerera m'mbuyo chifukwa chogundana ndi mamolekyu a galasi, ndipo kwina kumabwerera kutasintha mtundu pang'ono. Izi anazitulukira C. V. Raman wa ku India mu 1928, mpaka analandira nazo mphoto ya Nobel mu 1930. Kuwala kosinthako kuli pawiri, Stokes ndi anti-Stokes. Anti-Stokes imakula mphamvu galasi likatentha pomwe Stokes sisintha kwenikweni, nde makina amayerekeza ziwirizi n'kupeza kutentha. Nanga amadziwa bwanji kuti kutenthako ndi kwa pa mita 37 osati pa mita 400? Amawerenga nthawi. Kuwala mu galasi kumathamanga pafupifupi makilomita 200,000 pa sekondi, kutanthauza kuti mita iliyonse imatenga ma nanosekondi 10 kupita ndi kubwera. Luso limeneli linayambira ku England m'zaka za m'ma 1980 ndipo amene analigwiritsa ntchito kwambiri poyamba ndi a zitsime za mafuta, a mawaya akuluakulu a magetsi ndi oyang'anira moto m'misewu ya pansi pa nthaka. Ku nkhani za madzi linatchuka mu 2006 pamene John Selker wa ku Oregon State University ndi anzake analemba za kuligwiritsa ntchito m'mitsinje, m'nyanja ndi malo ena otero.

Nanga kutentha kukhudzana bwanji ndi madzi? Aliyense amene anaphulapo mpoto pamoto amadziwa kuti nsalu youma imateteza dzanja, koma nsalu yomweyo ikanyowa umapsa nthawi yomweyo. Madzi amadutsitsa kutentha kuposa mpweya kutalitali: pa muyeso wa kadutsidwe ka kutentha wotchedwa thermal conductivity, madzi ndi pafupifupi 0.6 W/m/K pomwe mpweya ndi 0.025 yokha. M'dothi louma, pakati pa timchenga pamakhala mpweya, kutentha kumavutika kudumpha kuchoka pa kamchenga aka kupita pa kena. Madzi akalowa amalumikiza timchengato, njira n'kutseguka. N'chifukwa chake mchenga wouma umakhala cha m'ma 0.3 W/m/K koma ukakhuta madzi umafika pa 2 kapena kupitirira.

Njira zoyezera zilipo ziwiri ndipo zonse zinalembedwa bwino mu 2010. Yoyamba ndi yongodalira dzuwa, imene Susan Steele-Dunne wa ku TU Delft ku Netherlands ndi anzake anayesa: mumakwirira zingwe pa kuya kosiyana, tinene masentimita 5, 10 ndi 15, n'kumaona mmene kutentha kwa masana kukutsikira pansi, kukuchedwa bwanji komanso kukuchepa bwanji. Sifuna magetsi ambiri, koma vuto lake muyenera kudziwa kuya kwa chingwe chilichonse molondola kwambiri, kuphonya sentimita imodzi kumasokoneza zonse, komanso mbewu zikakula n'kuphimba nthaka kapena kukachita mitambo masiku angapo chizindikiro chimafooka, ndipo mukapitirira theka la mita kusintha kwa usana ndi usiku sikumvekanso kwenikweni. Yachiwiri ndi yotenthetsa chingwe dala ndi magetsi, imene Chadi Sayde ndi anzake ku Oregon State anaonetsa kuti imatheka. Ine ndimakonda yachiwiriyi ndipo ndi imene ndifotokoze, chifukwa kutentha mumakupereka nokha, mumadziwa kuchuluka kwake, ndipo imagwira usiku, pansi pa chimanga chachitali, ngakhale pa kuya kwa mita.

Tiyambe ndi katundu. Makina a DTS amapangidwa ndi makampani monga Silixa ya ku UK ndi AP Sensing ya ku Germany, ndipo ndi odula, tikunena madola zikwi makumi angapo, si chinthu choti mlimi payekha kapena wophunzira angagule. Ambiri amachita kubwereka kapena kugwirizana ndi yunivesite imene ili nawo. Ku America kuli CTEMPs, yoyendetsedwa ndi Oregon State University pamodzi ndi University of Nevada, Reno, imene imabwereketsa makinawa kwa ochita kafukufuku komanso kuphunzitsa kagwiritsidwe kake. Chingwe ndiye chotchipirako, koma musangotenga chotsala kwa anyamata a intaneti, chifukwa cha m'misewu nthawi zambiri chimakhala single mode pomwe DTS yambiri imafuna multimode ya 50/125, mtundu wa fayiba umene njira yake ya kuwala ndi yotakatako. Komanso chikhale ndi chitsulo mkati, kapaipi ka stainless steel kapena mawaya okulunga fayibayo, popeza chitsulocho ndi chimene mudzadutsitsemo magetsi kuti chitenthe, ndipo kunja kukhale pulasitiki yolimba yosabooka. Pa zina mufunika ma konekita olowa ku makina anu, ambiri ndi E2000, fusion splicer yolumikizira fayiba, ma cooler box awiri, ayisi, timapampu ta mu akwariyamu, mathemometa odalirika ngati PT100 okhala ndi logger, multimeter, timer yoyatsa ndi kuzimitsa magetsi, ma ring otengera dothi, sikelo ndi uvuni.

Musanakumbe chilichonse, tambasulani chingwe pamtunda, chilumikizeni ku makina muone ngati kuwala kukufika kumapeto. Konekita muipukute kaye ndi isopropyl alcohol ndi kansalu kake kosasiya ubweya, kafumbi kamodzi pamenepo kamatha kudya chizindikiro kapena kuwononga konekita ya makina. Ndipo chonde musasuzumire mu fayiba makina ali oyaka, kuwala kwake sikuoneka ndi maso koma kumavulaza. Yezaninso resistance ya chitsulo pa mita, musangokhulupirira zolembedwa pa pepala la kampani.

Tsopano kukwirira, ndipo apa ndi pamene ntchito yonse imakomera kapena kuonongekera. Ku America ena amagwiritsa ntchito pulawo yapadera yokokedwa ndi thirakitala imene imang'amba dothi n'kusiya chingwe pa kuya kofunika popanda kutembenuza nthaka kwambiri. Ngati mulibe, ngalande yokumba ndi manja imatheka, bola mwadongosolo. Dothi la pamwamba muunjike mbali imodzi, la pansi mbali ina, kuti pobwezera lililonse libwerere kwawo. Pansi pa ngalande pakhale posalala, chotsani miyala ndi mizu, ndipo yezani kuya pafupipafupi n'kumalemba. Chingwe chigone chowongoka koma chosakokedwa mwamphamvu, pokhota chikhote mozungulira bwino osati mothyola, galasi la mkatimo ndi la 0.125 mm basi. Dothi loyamba kukhudza chingwe likhale lofumbutuka lopanda zibuma, mulipsinje ndi manja kuti ligwire chingwe mbali zonse, kenako muzibwezera pang'onopang'ono mukutsendera, cholinga dothi lifanane kulimba ndi la m'mbali limene simunakumbe. Mukasiya mphako ya mpweya pa chingwe, malo amenewo adzatentha kwambiri nthawi zonse ndipo deta idzati ndi pouma ngakhale pali matope. Mukatsendera mopitirira ndiye zosiyana, padzaoneka ponyowa.

Musanafotsere, chitani ichi: chingwe chimakhala ndi manambala a mamita osindikizidwa pa pulasitiki, koma manambalawo safanana ndendende ndi amene makina akuwerenga chifukwa cha zingwe zolumikizira ndi zokulunga. Nde wina akhale pa laputopu, wina ayende ndi jumbo ya ayisi, aike pa chingwe pa kona iliyonse ndi poyambira mzere uliwonse kwa mphindi imodzi kapena ziwiri. Pa sikirini muona mzere ukugwa pansi pamalo amodzi, lembani mita imeneyo, khomani chikhomo, tengani GPS. Popanda izi mudzaona kuti pa mita 312 pakuuma msanga koma osadziwa kuti m'mundamo ndi pati.

Mukafotsera musathamangire kukhulupirira manambala a sabata yoyamba. Dothi lokumbidwa limafuna nthawi kuti likhazikike, milungu ingapo kapena miyezi, linyowe liume kangapo. Ngati n'kotheka kwirirani dzinja lisanayambe kuti mvula yoyamba ikuthandizeni.

Mabafa a calibration. Makina pawokha amatha kuphonya ndi digiri imodzi kapena kuposa, ndipo kuphonyako kumasintha makinawo akatenthedwa masana n'kuzizidwa usiku, komanso kuwala kumanka kufooka chingwe chikamatalika, Stokes ndi anti-Stokes mosafanana. Mankhwala ake ndi kudutsitsa chingwe m'madzi amene kutentha kwake mukukudziwa. Kulungani mamita 10 mpaka 15 a chingwe, kapena ochuluka ngati makina anu amawerenga motalikirana, muviike mu cooler box ya madzi osakaniza ndi ayisi amene amakhala pa 0 °C, mamita ena ochuluka chimodzimodzi mu cooler box ya madzi ofundirako. M'bafa lililonse muikemo themometa yake ndi kapampu kotakasa, chifukwa madzi ongokhala amagawana, ofunda pamwamba ozizira pansi, nde chingwe chimamva zina themometa zina. Chokulungacho chisakhudze khoma la bokosi kapena kutulukira pamwamba. Chabwino koposa ndi kuyala chingwe mozungulira kuti mathero ake abwerere pa mabafa omwewo, mukhale ndi zigawo zinayi zodziwika: zitatu zokonzera manambala, chimodzi chongoonera ngati mwakonza bwino. Ngati makina ali ndi ma channel awiri, lumikizani mbali zonse ziwiri kuti aziyeza uku ndi uku, zimathandiza kwambiri pamene pali ma splice ambiri, malo amene fayiba yalumikizidwa. Masamu ake simuyenera kuyamba nokha, pali phukusi laulere la Python lotchedwa dtscalibration limene anapanga a ku TU Delft. Mabafawa azikhalapo nthawi yonse yoyeza, osati tsiku loyamba lokha, ndipo ayisi akasungunuka wina akawonjezere.

Kutenthetsa. Magetsi alumikizidwe ku chitsulo cha chigawo chokwiriridwa chokha, chigawo cha m'mabafa chisatenthedwe. Masamu ake ndi a ku sekondale aja, P = I²R. Tinene chitsulo chanu chili ndi 0.4 ohm pa mita ndipo mukufuna mawati 10 pa mita. 10 kugawa 0.4 ndi 25, square root yake ndi ma amp 5. Pa mamita 100 resistance yonse ndi ma ohm 40, kuchulukitsa ndi 5 mukupeza mavoti 200, mphamvu yonse mawati 1,000. Mukuona kuti mamita 200 afuna mavoti 400, n'chifukwa chake chingwe chachitali amachigawa m'zigawo n'kumatenthetsa chimodzichimodzi. Apa abale ndikupemphani, mavoti 200 m'dothi lonyowa amapha. Polumikizira paliponse pamatidwe bwino posalowa madzi, pakhale breaker yodula magetsi akangothawira pansi, aitaneni amagetsi odziwa ntchito, ndipo anthu olima pafupi adziwitsidwe kuti pansi pali chiyani.

Mphamvu ndi nthawi zimasiyana malinga ndi ofufuza, ena mawati 10 mpaka 20 pa mita kwa mphindi imodzi kapena ziwiri, ena mawati ochepa kwa mphindi 15 kapena kuposa. Kutenthetsa kwambiri kumapereka chizindikiro chooneka bwino koma kuli ndi choipa chake, kumathamangitsa madzi pafupi ndi chingwe, mumapezeka mukuumitsa dothi lomwe mukufuna kuyezalo. Yambani ndi mphamvu yochepa, muwonjezere pokhapokha ngati phokoso la mu deta, kugwederagwedera kwa manambala, likuphimba kukwera kwa kutentha. Za phokosoli dziwani kuti makina akamawerenga nthawi yaitali pa muyeso umodzi limachepa, kuchulukitsa nthawi kanayi kumalidula ndi theka, koma pa kutenthetsa kwa mphindi ziwiri mumafuna muyeso pa masekondi ochepa aliwonse, nde mumayenera kulolera penapake. Yezani mphindi zisanu kapena khumi musanayatse kuti mudziwe poyambira, ndipo mukazimitsa lisiyeni dothi lizizire kwa ola kapena maola angapo musanabwereze. Voteji ndi ma amp muzilemba nthawi iliyonse yotenthetsa, makamaka ngati mukugwiritsa ntchito jenereta, chifukwa voteji ikatsika ndi 10 peresenti mphamvu imatsika ndi pafupifupi 19 peresenti, ndipo inu osadziwa mudzati dothi lanyowa.

Mukatsegula deta muona chonchi: magetsi atangoyaka kutentha kumalumpha msanga paliponse, kumeneko ndi chingwe chenichenicho chikudzitenthetsa, pulasitiki ndi chitsulo, sikunena zambiri za dothi. Kenako mizere imayamba kupatukana, ya pouma imapitiriza kukwera, ya ponyowa imagona. Kuti mupeze thermal conductivity, jambulani girafu ya kukwera kwa kutentha, koma m'munsi muike ln (natural logarithm) ya nthawi m'malo mwa nthawi yeniyeni. Mukadutsa chigawo choyambacho mzere umawongoka, tengani slope yake. Gawani mawati a pa mita ndi 12.57, imene ndi 4π, yankholo mugawenso ndi slope. Mawati 10 ndi slope ya 0.8 zikupatsani pafupifupi 1.0 W/m/K, dothi lonyowa bwino, pomwe slope ya 3 ikupatsani 0.27, kumeneko ndi kouma gwa. Njirayi imafuna kutenthetsa kotalikirapo kuti mzere wowongoka upezeke. Pa kutenthetsa kwakufupi, Sayde ndi anzake anagwiritsa ntchito imene amaitcha Tcum: mumangophatikiza kukwera konse kwa kutentha kuyambira poyatsa mpaka nthawi imene mwasankha, nambala ikakula ndiye kuti ndi pouma. Ubwino wake kuphatikizako kumachepetsa phokoso. Ofuna kudziwanso heat capacity, kuchuluka kwa kutentha kumene dothi limasunga, amagoneka chingwe china chosatenthetsa pafupi kwambiri ndi chotenthetsacho n'kumaona kuchuluka kwa kutentha kumene kwafikako. Heat capacity imeneyo imayenda molunjika ndi madzi popeza madzi amasunga 4.18 MJ pa cubic mita pa digiri iliyonse, kuwirikiza kawiri miyala ya m'dothi, koma kusunga mpata wofanana pakati pa zingwe ziwiri m'munda weniweni ndi ntchito yovuta, sindingalangize woyamba kumene.

Tafika pa funso lenileni, Tcum ya mwakuti kapena 1.0 W/m/K ndi madzi ochuluka bwanji? Yankho lili m'dothi lanu lomwelo, simungakope kwa wina. Mchenga uli ndi quartz yambiri imene imadutsitsa kutentha kwambiri, dongo ndi manyowa ayi, choncho nambala imodzi imatanthauza chinyontho chosiyana m'madothi awiri. Muyenera kupanga curve yanu, girafu yolumikiza nambala imeneyo ndi chinyontho chenicheni, ndipo njira yake ndi yachikale ija. Tsiku limene mwatenthetsa, pitani ndi ring ya 100 cm³, khomani m'dothi pa kuya kofanana ndi chingwe, pafupi nacho koma motalikirako pang'ono kuti musachidule kapena kusokoneza dothi lochikhudza. Tsekani msanga madzi asauluke, yezani pa sikelo, ikani mu uvuni pa 105 °C kwa maola 24, yezaninso. Ngati dothi linali magalamu 165 n'kutsala 140, madzi anali magalamu 25, mu 100 cm³ ndiye 0.25, kapena kuti 25 peresenti. Chitani izi m'malo angapo pa mtundu uliwonse wa dothi, komanso pa nyengo zosiyana: litangothiriridwa, patapita masiku, ndi litaumiratu. Ambiri amatenga zitsanzo zonse sabata imodzi ndiye curve yawo imangodziwa chinyontho cha sabata imeneyo. Mukhozanso kupanga curve mu labu pothira dothi lomwelo mu bokosi, kudutsitsamo chingwe chomwecho n'kumawonjezera madzi odziwika, koma muitsimikizirebe ndi zitsanzo za kumunda.

Curve imeneyi siwongoka. Pouma, madzi pang'ono amasintha kutentha kwambiri, nde muyeso umakhala wakuthwa. Dothi likayandikira kukhuta, kuwonjezera madzi sikusintha zambiri, kuphonya kumakula. Kwa wothirira izi sizoipa kwenikweni chifukwa chimene akufuna kudziwa ndi pamene pakuuma, koma ngati kafukufuku wanu ndi wa m'dambo lonyowa chaka chonse, ganizani kawiri musanawononge ndalama. Dothi la makande nalonso ndi lovuta, likauma limang'ambika ming'alu n'kuchoka pa chingwe, kukhudzana kuja kumatha ndipo curve imene munapanga m'dzinja siigwiranso mu Okutobala.

Pomaliza tetezani chingwe pamene chatulukira kunja, chilowetseni mu paipi chifukwa makoswe amatafuna pulasitiki ndipo moto wotentha tchire m'chilimwe umachisungunula. Khomani zikhomo zooneka mu mzere wonse kuti khasu kapena pulawo isachipeze, ndipo lankhulani ndi eni minda yoyandikana ndi anyamata okumba mbewa, afotokozereni kuti mkatimo muli galasi ndi chitsulo chabe. Chikaduka musataye mtima, makina akuonetsani mita yeniyeni pamene kuwala kwathera, mumakumba pomwepo n'kulumikiza ndi splicer, kumata bwino chitsulo ndi pulasitiki, koma mukatero yezaninso resistance ndipo calibration ya kutentha muibwereze, chifukwa splice yatsopano imasintha mmene kuwala kukudutsira kuyambira pamenepo kupita kutsogolo.